Wisiki Wonunkha Chipatala

Foni inalira ndili chagada pansi pa jelera ya mayi wina wogulitsa nsomba ku Cuamba, manja ali bii ndi mafuta. Ntchito yanga ndi imeneyo, kukonza majelera, amene anzathu a kutsidya kwa malire amati mafiriji. Nditaona kuti akuimba ndi apongozi anga, bambo ake a mkazi wanga, ndinadzuka mofulumira mpaka kudzigunditsa mutu. Iwo saimba foni kuti angomva ngati mwadzuka bwino.

"Akamwini, mawa mubwere kuno ku Mandimba. Mubwere ndi mkazi wanu."

"Kwagwanji, bambo?"

"Amalume anu ali pano. Abwera ndi botolo."

Anadula. Botololo ndinkalidziwa bwino lomwe, ndipo ndinadziwiratu kuti banja langa lili pachiswe.

Mkazi wanga ndi mwana wa Asilamu, ine ndinakulira m'tchalitchi ku Ngauma. Pamene ndinkamufunsira, anthu a kumzikiti anawanena apongozi anga mpaka makutu kuwawa, akuti mungapereke bwanji mwana kwa munthu wosaswali. Iwo anapirira zonsezo. Anandiitanira kuseri kwa loja yawo, kasitolo ka sopo, mchere ndi mafuta ophikira, n'kundiuza mawu ochepa.

"Za Mulungu mudzakambirana ndi Mulunguyo. Ine changa n'chimodzi, mowa. Mwana wanga woyamba anabwera pano atanyamula mano ake awiri m'manja chifukwa cha mwamuna woledzera. Tsiku limene mudzamwe, uyu adzabwerera pakhomo pano."

Ndinalumbira mosavuta, amalume anga ali pomwepo monga nkhoswe. Kunena zoona, mowa sunkandisangalatsa n'komwe. Kachasu ankandinyansa, wa m'mabotolo unkanditupitsa mimba. Zaka zitatu zinatha ndisanalaweko ngakhale dontho.

Amene anandilowetsa m'zimenezi ndi mdala wina wa loja pafupi ndi siteshoni ya sitima ku Cuamba, munthu amene paunyamata wake ankaphika m'zombo za ku Nacala. Tsiku lina masana nditamukonzera jenereta, anatulutsa botolo m'kabati n'kuthira pang'ono m'kakopo kagalasi kopapatiza kukamwa, muyeso wa chala chimodzi. Ndinakana.

"Ndani wati umwe?" anatero. "Ndati ununkhize. Mphuno nayonso inalumbira kwa apongozi ako?"

Ndinanunkhiza mwaumbuli, kulowetsa mphuno yonse, ndipo zinandiwotcha mpaka misozi. Mdala anaseka chikhakhali. Anandiuza kuti ndiike kopo patali pang'ono, nditsegule pakamwa, ndikoke mpweya modekha. Kenako anaviika chala m'madzi n'kudonthezamo madontho atatu. Abale inu! Fungo linasintha ngati watsegula chitseko cha nyumba ina. Ndinamva uchi, ndinamva nthochi zakupsa kwambiri, kumapeto kwake n'kubwera kafungo ka mtedza wokazinga. Anandifotokozera kuti uyu ndi wisiki amene amati singo molti, wa chimera cha balere chokhachokha, wotchezedwa pamalo amodzi osasakaniza ndi wa kwina, kenako n'kugona m'migolo yamatabwa zaka khumi ndi ziwiri. Ndinaganiza za kachasu wa kwathu amene amamwedwa akadali wofunda, ndipo ndinachita chidwi kuti kuli anthu otha kudikira chinthu zaka zonsezo. Ndinalawa. Ndinamusunga palilime monga anandiuzira, ndisanameze.

Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse masana ndikatseka ofisina yanga, kashedi kamene ndimakonzeramo majelera, ndinkathira chala chimodzi, madontho atatu a madzi, n'kukhala pa mpando theka la ola ndekhandekha. Botolo linkakhala m'jelera yakufa imene mwini wake anaitaya. Botolo limodzi linkatha miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Popita kunyumba ndinkatafuna khungu la ndimu. Sindinaledzerepo, sindinadzandirepo pamsewu, ndipo ndinkadziuza kuti mowa umene ankanena apongozi si umenewu ayi. Ndinkadzinamiza, ndipo pansi pa mtima ndinkadziwa.

Tsono za amalume. Ine ndine wa mtima wapachala, ndipo umenewu ndiwo wandiwonongera zambiri. Mayi anga atadwala ku Ngauma, amalume, amene ndi mchimwene wawo, anawasunga kwa sing'anga masabata awiri osandiuza. Pomwe ndinkamva n'kuti zinthu zitaipa kale. Pamaliro, anthu ali gwirigwiri, ndinawaloza chala n'kunena kuti, "Mudzaona." Sindinkatanthauza kanthu, unali ukali ndi chisoni basi. Koma mawu amenewo kwathu satayika. Mbuzi yawo itafa, anati ndine. Mwendo utayamba kutupa, anati ndine. Zaka ziwiri zinadutsa osapatsana moni.

Nditamva kuti ayamba kuyendera ndodo, chisoni chinandigwira. Ndi munthu yekhayo wamkulu amene anatsala kuchimayi, ndipo ndi amene anandiphunzitsa kupalasa njinga ndi kuwedza. Ndinafuna kupepesa, koma pakamwa panga mawu opepesa amalemera. Ndinati ndiwatumizire chinthu chabwino koposa chimene ndikuchidziwa. Amalumewo ndi katswiri wa kachasu. Amangogwedeza botolo, kuyang'ana thovu, n'kukuuzani ngati ndi wa kumutu kapena wothiridwa madzi. Ndinati munthu wotere ndiye angamve zimene ine ndimamva.

Mdala uja anali ataitanitsa mabotolo atatu kuchokera ku Nampula. Anawandandalika patebulo. Loyamba linali la wisiki wofatsa uja wa uchi ndi nthochi. Lachiwiri linali lofiirira, wogona m'migolo imene munali vinyo, wokoma ngati zipatso zouma. Lachitatu linali lochokera pachilumba china cha kumayiko ozizira, kumene chimera amachiumitsa ndi utsi wa dothi lakuda la m'dambo. Ameneyo ndiye anali wapamtima panga. Fungo lake ndi utsi, mchere, phula, ndi kena kake kokhala ngati mankhwala otsukira bala. Umayamba wadana naye, kenako ena onse amakhala ngati madzi a shuga.

"Tenga loyambali," anatero mdala. "Munthu woyamba sumupatsa wa utsi."

"Amalume anga anakulira pa thandala lowambira nsomba kunyanja ya Amaramba," ndinayankha. "Utsi ndi kwawo."

"Iwe makani ako adzakupweteka."

Ndinatenga la utsi. Kenako ndinachita cholakwa chachiwiri. Kuno mabotolo opanda kanthu a mowa wodula amagulidwa ndi anthu ochenjera, amene amathiramo zawozawo, kupaka mtundu ndi tiyi, n'kumata chitsekerero mwaluso. Ndinaopa kutumiza chinyengo kwa katswiri. Ndiye ku ofisina ndinathyola chidindo n'kuthira chala chimodzi. Anali weniweni! Utsi unadzaza m'kamwa, mchere unatsatira, ndipo patapita kanthawi kukoma kunatulukira pansi pake mwakachetechete. Chifukwa cha chisangalalo ndinathiranso chala chachiwiri. Ndinatseka, kukulunga m'katoni, n'kupatsa dalaivala wa shapa, minibasi yopita ku Lichinga, kuti akatsitse pa Ngauma, akanene kuti wachokera kwa mphwawo. Kupita ndekha ndinachita manyazi.

Koma ine, mwana wobadwira ku Ngauma, ndinaiwala bwanji? Kwathu wobweretsa mowa ndiye amayamba kumwa, anthu akuona, kuti achotse chikayiko. Ngakhale mayi wofulula amayamba walawa yekha asanapereke chikho kwa alendo. Ine ndinatumiza botolo lotsegula kale, lochepa zala ziwiri, lonunkha mankhwala, kwa munthu amene ndinamuuza pamanda kuti adzaona.

Nditalandira foni ija ndinapita kunyumba dzuwa likadalipo. Mkazi wanga anali akuchotsa zovala pachingwe.

"Botolo la chiyani?" anafunsa.

"Mphatso. Ndinawagulira amalume mowa wa azungu kuti tigwirizane."

"Inu mumadziwa kugula mowa?"

"Anandisankhira mdala wa kusiteshoni."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, malaya anga ali paphewa pake.

M'mawa tinakwera shapa. Msewu wa ku Mandimba masiku ano ndi wa phula, ulendo umene kale unkadya tsiku lonse, ndipo tsiku limenelo ndinalakalaka ukanakhala wafumbi uja. Mutu wanga unali pa chinthu chimodzi. Ndinadziwa kuti amalume akandiuza kuti ndimwe. Kukana kukanatanthauza kuti ndine mfiti yofuna kupha mchimwene wa mayi ake, ndipo ku Ngauma sindikanapondakonso. Kumwa kunali kumwa pamaso pa apongozi. Njira inali imodzi yokha, kumwa ngati munthu amene sanalawepo, kumeza msangamsanga, kukhosomola, kukwinya nkhope, kulavula malovu. Titadutsa Mitande ndinayamba kuyeserera kakhosomoledwe kake pansipansi.

"Mwayamba chifuwa?" anafunsa mkazi wanga.

"Fumbi," ndinatero, mawindo onse ali otseka.

Tinafika chakumasana. Apongozi anali atatseka loja, chinthu chimene sachita kupatula Lachisanu nthawi ya swala. Tinawapeza pakhonde la kuseri, atavala mkanjo woyera, amalume atakhala pampando ndodo ili pakati pa miyendo. Anali ataonda, ndipo mtima unandipweteka kuwaona. Botolo silinaloledwe kufika pakhonde. Analiimika pa njerwa kunja kwa mpanda, padzuwa lenileni la mwezi wa Okutobala. Ndikuvomera kuti m'kati mwa mantha onsewo, kamtima kena kanadandaula kuti wisiki wotere akumuphika padzuwa.

Tinapatsana moni. Amalume anayankha moni wa mkazi wanga, wanga anangouponda. Mkazi wanga anakhala pamphasa chapatali, chikwama chathu chili pambali pake.

"Nenani, achimwene," anatero apongozi.

Amalume sanayang'ane ine. "Mwana uyu anandiuza pamanda a mlongo wanga kuti ndidzaona. Mbuzi inapita. Mwendo ndi uwu. Tsopano wanditumizira ichi, iye osabwera. Chidindo chothyola. Mowa wochepa. Ine mowa ndaumwa kuyambira iye asanabadwe, wa chimanga, wa nzimbe, wa masuku, wa makoko a khofi womwe. Palibe mowa umanunkha chonchi. Ichi ndi chipatala chenicheni, mankhwala opaka pabala. Ndabwera nacho kwa inu chifukwa ndinu munthu yekhayo amene amamumvera."

"Amalume, umo ndi mmene umanunkhira. Ndi utsi wa..."

"Ukudziwa bwanji mmene umanunkhira?"

Apongozi anatembenukira kwa ine.

"Anatsegula ndani, akamwini?"

"Ndine, bambo. Ndimafuna kununkhiza ngati si wachinyengo."

"Nanga wachepa bwanji?"

"Unatayikira pansi ndikutsegula."

"Simunalawe?"

"Ayi, bambo."

Apongozi anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva zimene amayembekezera. "Mwamva, achimwene. Mkamwini wangayu za mowa sazidziwa. Zaka zisanu ndi ziwiri ali ndi mwana wanga, sindinamvepo mbiri yoipa. Amene anamugulitsa ndiye anamupusitsa, anamupatsa chowonongeka. Kulakwa kwake n'kugula chinthu chimene sachidziwa. Koma kupha munthu, uyu ayi. Ine ndikhoza kuika dzanja langa pamoto."

Bola akanandimenya mbama.

"Ngati ndi choncho amwe," anatero amalume. "Amwe ine ndikuona, ndiye ndikhulupirira."

Kumsewu kunkadutsa njinga zamoto, ndipo wina anagogoda pachitseko cha loja kenako n'kuchoka. Apongozi anayang'ana pansi nthawi yaitali, akusisita ndevu.

"Munthu wokakamizidwa kuti ayeretse dzina lake, Mulungu amamuona," anatero pomaliza. "Lumbiro lanu silithyoka ndi zimenezi, ndine ndakulolezani. Koma osati pakhomo panga. Tiyeni kunja kwa mpanda."

Analowa m'nyumba okha, osatuma munthu. Anatuluka ndi kakopo kagalasi kong'aluka m'mphepete, akuti kakatha ntchito katayidwe, ndi chikho cha madzi. "Awa mutsukire m'kamwa mukangomeza," anandiuza motsitsa mawu. "Limbani mtima, n'kanthawi kochepa." Ankandimvera chisoni, munthu wamkulu uja.

Tinaima pamthunzi wa mpanda. Mkazi wanga anaima pachipata. Amalume anatsegula botolo atalitalikitsa ndi nkhope yawo, n'kuthira mpaka theka la kopo, zala zitatu kapena zinayi. Apongozi anabwerera m'mbuyo atatseka mphuno ndi nsonga ya mkanjo.

"Taonani mtundu wake, ngati mkodzo wa bulu," anatero amalume. "Azungu ake ati angamwe zimenezi? Imwa."

Ndinalandira kopo ndi dzanja lamanja, chikho cha madzi ndi lamanzere. M'mutu ndinkabwereza kuti meza, khosomola, lavula. Koma wisiki anali atatentha ndi dzuwa, ndipo fungo linakwera lamphamvu, lolasa, loposa mmene liyenera kukhalira. Mawu a bulu aja analinso atandipsetsa mtima. Sindikudziwa kuti zinachitika nthawi yanji. Ndinangoona chikho ndachiika pa njerwa, chala changa chaviikidwa kale m'madzi, madontho akugwera m'kopo, limodzi, awiri, atatu. Dzanja linazunguza kopo pang'onopang'ono. Linaifikitsa pansi pa mphuno, patali pake poyenera, pakamwa patatseguka pang'ono. Utsi unafatsa, mchere unabwera. Ndinapsontha pang'ono n'kusunga palilime, ndipo maso anatsekeka okha.

Nditawatsegula ndinakumbukira kukhosomola. Ndinakhosomola kawiri, kakhosomoledwe komvetsa manyazi, kochedwa, kouma ngati ka mbuzi.

"Maliza," anatero amalume.

Ndinamaliza. Sindinamwepo wochuluka chotero nthawi imodzi, ndipo kutentha kunatsika pachifuwa mpaka m'mawondo. Madzi otsukira m'kamwa aja ndinawaiwala pa njerwa.

"Tsopano tidikire," anatero amalume.

Tinabwerera pakhonde, botolo n'kutsala kunja. Tinakhala pafupifupi ola lathunthu. Amalume ankandiyang'anitsitsa kuti aone ngati ndiyambe kutuluka thovu kukamwa kapena kugwira pamimba. Apongozi nawonso ankandiyang'ana, koma iwo sankadikira thovu. Mkazi wanga ankatola timiyala pamphasa n'kumatiponya pabwalo. Ine ndinkawerenga mizere ya malata a denga, ndikupemphera kuti mwina sanaone, mwina munthu wosamwa sangadziwe kusiyana kwake. Mowa unali utandilowa pang'ono, ndipo ndinachita mantha kuti ngakhale kupuma kwanga kukundiulula.

Pomaliza amalume anadzuka, kutsimphina mpaka kunja kwa mpanda, n'kuthira pang'ono m'kopo muja. Tinkawaona pachipata. Ananunkhiza, anakwinya nkhope, anamwa. Anaima chilili akutafuna m'kamwa mopanda kanthu.

"Asa!" anatero. "Thandala la nsomba lenileni." Anathiranso. "Iwe, madzi aja unathira angati?"

"Atatu, amalume."

Anaviika chala, anadontheza, analawa. Kenako anaseka, kuseka kumene ndinali ndisanakumve chimwalirire mayi anga. "Kumapeto kwake kukutsekemera! Mwana wa mlongo wanga, bwanji sunabwere nalo wekha? Ukanandipha ndi mantha chabe, chitsiru iwe." Anabwera n'kundigwira paphewa, maso ali ndi misozi. Zimene ndinkafuna zaka ziwiri zinali zitachitika, koma sindinathe kukondwa, chifukwa apongozi anali atakhala phee ngati sakumva.

Amalume atabwereranso ku botolo lawo, apongozi analankhula. Sanakweze mawu.

"Akamwini, ine mowa sindinaulawepo. Koma ndalera ana asanu ndi mmodzi, ndawamwetsa mankhwala owawa. Munthu akamamwa chimene sachifuna amatseka mphuno. Inu munatseka maso."

Ndinayang'ana pansi.

"Kuyambira liti?"

Bodza lina linali litafika kale pamlomo. Koma mkazi wanga anali atasiya timiyala tija, akundiyang'ana.

"Zaka zinayi, bambo."

Mkazi wanga anatulutsa kamawu kakang'ono ngati wabayidwa ndi singano. Apa mtima wanga wapachala unadzuka, mowa uja ukuuthandizira.

"Koma bambo, ndinaledzerapo ine? Mufunseni mwana wanuyo ngati ndinamukwezerapo dzanja, ngati anagonapo ndi njala, ngati ndinafikapo pakhomo ndikudzandira! Chala chimodzi pa sabata, chala chimodzi! Mukundiika pamodzi ndi munthu wogulula mkazi mano? Si chilungamo chimenecho!"

"Mwatha?"

Ndinali nditatha.

"Kuti simunamumenye ndikudziwa. Mukanabwera zaka zinayi zapitazo n'kundiuza kuti bambo, chinthu chija chandigonjetsa, ndimalawa pang'ono, ndikanakwiya, koma tikanakhala pansi ngati amuna. Lero ndakufunsani katatu, mwandinamiza katatu. Ine n'kuimirira pamaso pa amalume anu kukuikirani kumbuyo, n'kukutungirani madzi ndi manja angawa. Kumzikiti anandiseka chifukwa cha inu, ndipo ndinkawayankha kuti mkamwini wanga mawu ake ndi amodzi." Anatembenukira kwa mwana wawo. "Lowetsa chikwamacho m'nyumba."

Amalume anamva ali kunja ndipo anabwera mothamanga mmene mwendo unawalolera. Monga nkhoswe anayesetsa, anapepesa, anati mlandu ndi wawo poti ndiwo anandikakamiza. Apongozi anawayankha mwaulemu kuti nkhani ya botolo yatha bwino ndipo akuthokoza Mulungu, koma iyi ndi ina, idzakambidwa tsiku lake mitima ikazizira. Tsiku lakelo sanalitchule.

Ine maso anga anali pa mkazi wanga. Si mwana, ndi mayi wa maganizo ake, ndipo akanati ayi bambo, ndikupita ndi mwamuna wanga, palibe akanamugwira. Anadzuka, anakonza chitenje, ananyamula chikwama. Anatulutsamo malaya anga ndi mswachi n'kuziika pampando. Chotsalacho analowa nacho m'nyumba.

Mkazi wanga anandiperekeza pokwerera shapa, dzuwa litapendeka. Tinayenda mpaka pamsika, pomwe osintha ndalama za kumalire amaimirira. Ndinayesa kuyamba.

"Amayi, ndikhululukireni. Ndisiya. Botolo lili ku ofisina ndikalitaya lero lomwe."

"Lili ku ofisina," anatero. "Zaka zinayi ndakhala ndikukubweretserani chakudya ku ofisina kumeneko. Loweruka lililonse mumabwera mukununkha ndimu, ine n'kumati mwamuna wanga amakonda ndimu, mpaka ndinadzala mtengo kuseri kwa nyumba." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Bambo anga ndi bambo anga, ali ndi zifukwa zawo. Koma ine mukanandiuza. Ndikanakalipa sabata imodzi, mwina iwiri. Chinthu chimene chimakukomerani mpaka kutseka maso chotero, ine nkhope imeneyo ndaionera pamodzi ndi anthu, kunja kwa mpanda."

Ndinamufunsa kuti abwera liti, iye anati sakudziwa, ndisamufunse lero. Shapa inali itadzaza, wothandiza dalaivala akumenya chitseko kuti tizipita. Mkazi wanga anamasula mfundo ya pachitenje, n'kuchotsapo makiyi a nyumba, n'kundiika m'manja.

"Ndinaviika nyemba m'mawa, ndimati tibwerera lero," anatero. "Mukaziphike, zingawonongeke."

Uno ndi mwezi wachisanu chichitikire zimenezi. Amalume apitako kawiri kukapepesa, ndipo amandiimbira foni Lamulungu lililonse kundilimbitsa mtima. Apongozi amayankha moni wanga mwaulemu wonse, n'kundiuza kuti tsiku lokambirana lija silinafike. Mkazi wanga foni amayankha masiku ena, masiku ena ayi.

Tsiku limene ndinamusiya ku Mandimba, ndinafika ku Cuamba kukuyamba kuda. Ndinatsegula chitseko, ndinayatsa getsi, ndinapita kukhitchini. Nyemba zinali zitatupa mpaka kukankha chivundikiro, zodzaza mphika, za anthu awiri.